Kodi Mwana Angachoke Liti Pakhomo pa Makolo?

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

 Inu amene mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, inu amayi amene mukusonkhezera moto kukhitchini, ndi inu a kabaza amene mukumvera pa foni podikira wokwera, takulandirani. Lero tili ndi nkhani imene imautsa mapokoso m'makomo ambiri. Kodi mwana angachoke liti pakhomo pa makolo ake? Nanga lamulo la dziko lino likuti chiyani kwa wochokayo, kwa makolo otsala, komanso kwa munthu amene akumulandira kumene akupitako?

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna muigwire, kuti ngakhale mabatire atatha pakati pa pulogalamu mukhale mutatolapo kanthu. Mwana wosakwana zaka 18 sapitikitsidwa pakhomo, ndipo munthu wokwana zaka 18 satsekeredwa pakhomo. Ndibwereze. Asanakwane zaka 18, simungamuthamangitse. Akakwana zaka 18, simungamuletse kuchoka.

Tiyamba taona kumene nambala imeneyi inachokera. Kenaka tikhalitsa pa ana ochoka pakhomo asanafike msinkhuwo, chifukwa mavuto ambiri ali pamenepo. Tikatero tilankhula ndi achinyamata amene anakwanitsa kale zakazo.

Makolo athu akale sankawerenga zaka. Mnyamata akayamba kusintha mawu, ankasamuka m'nyumba ya makolo n'kukagona kumphala kapena m'gowelo ndi anzake. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi ankamulangiza, ndipo ankagona kukuka kwa agogo. Koma taganizani bwino. Mphalayo inali m'mudzi momwemo. Nsima ankadya ya mayi ake. Akachedwa kubwera usiku, malume ake ankadziwa kusanache. Kuchoka kwa lero n'kwa pa basi: ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, kuesiteti ya fodya ku Kasungu, mwinanso ku Joni kumene. Kumeneko kulibe malume, kulibe agogo. N'chifukwa chake dziko linayenera kulemba malire omveka, oti aliyense awadziwe, kuyambira bwana wolemba ntchito, wapolisi, mpaka nyakwawa.

Malirewo sanafike pa 18 tsiku limodzi. Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, poyamba ankati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16. Ankalolanso kuti wa zaka 15 akwatiwe makolo ake akavomera. Mu 2015 kunabwera lamulo latsopano la maukwati lonena kuti banja n'la anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Koma mpata unatsalabe, pakuti malamulo aakulu amaposa lamulo lina lililonse, ndipo iwo anali akulolabe. Mu February 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anatseka mpatawo. Kuchokera pamenepo, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo chilolezo cha makolo sichisandutsa mwana kukhala mkazi wa munthu. Mafumu ena anali atayamba kale nkhondoyi m'madera mwawo. Ambiri mukukumbukira Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu.

Ndiye mtsikana angathe kuoneka wamkulu thupi, atavinidwa, akudziwa kuphika ndi kusinja. Mnyamata angathe kumera ndevu, akulima munda wake wa soya. Ngati sanakwane zaka 18, pamaso pa lamulo ndi mwana.

Tsopano, kukhala mwana kumatanthauza chiyani? Ndime 23 ya malamulo aakulu aja imati mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pa banja, kaya sanakwatirane, kaya banja linatha. Abambo amene munasiya ana kumudzi n'kukakwatira kwina, pamenepa akunena inu. Palinso lamulo la mu 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, limene limaika m'manja mwa kholo kapena womulera udindo wa chakudya, zovala, pogona ndi chithandizo cha kuchipatala, komanso kumuteteza ku nkhanza. Udindo umenewu suthera pa tsiku limene mwana wakukwiyitsani.

Ndipereke chitsanzo chimene tonse tinachionapo kapena kuchimva. Mtsikana wa zaka 15, ali Sitandade 8, wapezeka ndi pathupi. Bambo ake apsa mtima, amuponyera zovala panja. M'mawa mwake azakhali amutenga, kachikwama kali pamutu, kukamutula kwa mnyamata amene wamuchimwitsayo. Anthu apamudzi amati nkhani yatha, mwini katundu walandira katundu wake. Nkhani sinathe ayi. Makolowo alakwira lamulo pawiri: ataya mwana amene ali ndi udindo womusamala, ndipo amukankhira m'banja limene lamulo sililola. Mkwiyo wa bamboyo ndikuumvetsa, manyazi ake ndikuwadziwa. Koma mimba siwonjezera munthu zaka. Ndondomeko ya boma imalola mtsikana wotere kubwerera kusukulu akachira. Za mnyamatayo ndi abale ake, zoti athandize kulera khanda, zimenezo zili ndi njira yake, kwa amfumu ndi kubwalo la milandu. Ndipo ngati wopereka mimbayo ndi munthu wamkulu, umenewo ndi mlandu wa kupolisi, si wokambirana pa mphasa n'kulipitsana mbuzi.

Chimodzimodzi ana amasiye. Maliro akangotha, abale ena amayamba kuwerenga malata ndi mbuzi, ana n'kuuzidwa kuti apite kwa amayi awo aang'ono, nyumba igulitsidwe. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo kholo likamwalira osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana.

(Kanyimbo kakafupi)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za msinkhu umene mwana angachokere pakhomo pa makolo. Tanena kuti wosakwana zaka 18 sapitikitsidwa, wokwana zaka 18 satsekeredwa. Tsopano tione funso lovutirapo. Nanga mwana akachoka yekha, popanda womuthamangitsa?

Choyamba, kuthawa pakhomo si mlandu umene mwana angamangidwe nawo. Lamulo limaona mwana wopezeka akugona kudepoti kapena pansi pa mlatho ngati mwana wofunika chisamaliro ndi chitetezo. Funso loyamba la munthu wanzeru lisakhale lakuti timukwapule zingati akabwera. Likhale lakuti akuthawa chiyani. Ena n'zoona amangotengeka ndi anzawo, amva kuti m'tauni ndalama n'zosavuta. Koma ambiri amathawa njala, amathawa chikoti cha tsiku ndi tsiku, amathawa bambo wowapeza amene amalowa kuchipinda kwawo usiku mayi akapita kumaliro. Mwana wotere kumugwira dzanja n'kumubwezera pakhomo pomwepo osafunsa kanthu, ndiye kuti mwamupereka kwa munthu yemwe amamuthawa uja.

N'chifukwa chake pali anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi. M'boma lililonse muli ofesi ya Social Welfare, ndipo m'madera muli alangizi oteteza ana. Ku polisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, ija timati Victim Support. M'zipatala zina zikuluzikulu, monga ku Queen Elizabeth mu Blantyre, kuli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene mwana wochitidwa nkhanza amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamalo amodzi, osayendayenda. Ndipo bwalo la milandu ya ana lili ndi mphamvu yolamula kuti mwana akakhale kwa wachibale wina wodalirika kapena kumalo otetezeka, ngati kwawo sikulinso kwabwino.

Iwe mwana amene ukumvera, mwina uli kuseri kwa nyumba ndipo mtima wako uli kale panjira, mvera pano. Usanyamuke usiku wekha osadziwa kolowera. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira: aphunzitsi, azakhali, amayi a kutchalitchi kapena a kumzikiti. Ukapeza foni, imba 116. Ndi nambala yothandiza ana, ndipo ndi yaulere, ngakhale mufoni mulibe mayunitsi. Ndibwereze: 116.

Nanunso aneba amene mwana wa eni wagogoda pakhomo panu usiku akulira, mulandireni, mupatseni chakudya ndi pogona. Koma kukacha musamubise. Kauzeni amfumu, mlangizi woteteza ana kapena apolisi. Kusunga mwana wa munthu mobisa, makolo ake ndi aboma osadziwa, lamulo limakutenga ngati mlandu, ndipo chifundo chanu chingathe kukutembenukirani.

Pali kuchoka kwina kumene makolo amavomereza okha ndi mtima wabwino, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa sitikukamba kawirikawiri. Mwana wasankhidwa kupita Fomu 1 kusekondale yoyendera, koma sukuluyo ili kutali, sangapite n'kubwera tsiku lililonse. Makolo amupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, zija timati self-boarding. Kalowenimo tsiku lina mukaone. Kachipinda kuseri kwa golosale, chitseko chotseka ndi msomali wopinda. Pansi mphasa, pakona mbaula ndi kathumba ka makala, ndowa ya madzi, thumba la ufa limene linachoka kumudzi lili lodzaza koma pano lagona. Atsikana awiri kapena atatu a zaka 14 akukhala okha. Pofika pakati pa mwezi ndiwo zatha, sopo watha, ndipo pamsika pomwepo pali abambo a ndalama m'thumba amene akudziwa bwino lomwe tsiku limene ufa umathera m'zipinda zimenezi.

Lamulo sililetsa mwana kukakhala pafupi ndi sukulu. Sindikunyozanso makolo ochita zimenezi, pakuti ambiri alibe njira ina, ndipo akufuna mwana aphunzire. Chimene ndikunena n'chakuti mwanayo wachoka m'nyumba mwanu koma sanachoke m'manja mwanu. Udindo uja ukadali wanu wonse. Mwini nyumbayo mumudziwe maso ndi maso. Pakhale munthu wamkulu pafupi, mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa gulu la amayi a pasukulu, woti aziwazonda. Ndipo pitaniko nthawi zina mosawauza, musamangotumiza ndalama pa foni.

Kuchoka kwinanso n'kokagwira ntchito. Apa lamulo la ntchito lili ndi nambala yake: mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito. Sitikunena zothandiza makolo kutunga madzi kapena kupalira m'munda mwanu, zimenezo n'kulera. Tikunena zolembedwa ndi munthu wina. Kuyambira zaka 14 mpaka 18 angathe kugwira ntchito yopepuka, koma isakhale yoika moyo wake pachiswe, yowononga thanzi lake, kapena yomulepheretsa sukulu. Kupopera mankhwala m'fodya, kukhala usiku wonse panyanja ndi asodzi, kugulitsa mowa m'bala, zimenezi si ntchito za mwana.

Ndiye pali aja amabwera kumudzi atavala bwino n'kunena kuti, "Ndipatseni mtsikanayu azikandithandiza kulera mwana m'tauni, ndikamulipirira sukulu." Ena amachitadi zimene alonjeza, ndipo Mulungu awadalitse. Koma funsani: sukulu yake iti, ayamba liti, tidzamuona liti? Chaka chikatha mwana sanaponde m'kalasi, amadzuka nkhuku zisanalire n'kugona anthu onse atagona, malipiro ake akulandira ndi amene anamutenga uja, dziwani kuti nkhaniyo yayandikira lamulo la mu 2015 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu. Pa lamulo limenelo, kunena kuti mwanayo anavomera yekha sikupulumutsa munthu.

Nambala ina imene imasokoneza anthu ndi 16. Munthu akakwana zaka 16 amalembetsa chiphaso cha unzika ku NRB. Mnyamata akachigwira m'manja, chithunzi chake chili pamenepo, amayamba kuyenda mosiyana, amvekere ine tsopano ndakula. Ayi ndithu. Chiphasocho chikungonena kuti ndiwe Mmalawi ndipo unabadwa tsiku lakuti. Kwatsalabe zaka ziwiri kuti ukwane 18. Komabe n'chofunika kwambiri, chifukwa mikangano yonse ya msinkhu imathera pa umboni. Makolo, sungani kalata ya kubadwa ya mwana, ngakhale kabuku kake ka kusikelo. Ndipo musamuwonjezere zaka kuti apeze ntchito msanga kapena kuti ukwati utheke. Zaka zabodzazo zimamuchotsera chitetezo chimene lamulo linamupatsa.

(Kanyimbo kakafupi)

Tafika kwa inu achinyamata amene munakwanitsa zaka 18, ndi makolo anu. Mbali yachiwiri ya mfundo yathu ija ndi yanu: wokwana zaka 18 satsekeredwa pakhomo.

Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala kumene akufuna m'dziko muno, ngakhalenso kutuluka kunja. Amanenanso kuti wopitirira zaka 18 asaletsedwe kulowa m'banja, ndipo munthu aliyense asakakamizidwe banja. Ndiye mungathe kukachita lendi, kusaina mgwirizano wa ntchito, kuvota, kudzipangira pasipoti. Makolo angathe kukulangizani, kukudandaulirani, ngakhale kukukwiyirani. Koma sangapite ku polisi kukanena kuti akakugwireni chifukwa mwasamuka. Sangakutsekereni m'nyumba. Sangakubisireni chiphaso chanu kapena satifiketi yanu ya MSCE kuti musachoke.

Apa ndinene poyera, chifukwa ufulu umenewu timaupereka mosavuta kwa anyamata koma kwa atsikana timauma nawo manja. Mnyamata wa zaka 20 akapeza ntchito ku Kanengo n'kukachita lendi ku Area 25, timati wakula, ndi mwamuna. Mlongo wake wa zaka 24, namwino, akafuna kukakhala payekha pafupi ndi chipatala, timayamba kufunsa kuti akufuna kubisa chiyani, mkazi amachoka pakhomo ndi ukwati basi. Lamulo silisiyanitsa. Ndipo ndaona atsikana akuthamangira banja losakonzekera chifukwa ndilo khomo lokhalo limene makolo analisiya lotsegula.

Dziwaninso kuti kusamuka sikukuchotsani m'banja. Mwana amene anachoka pakhomo, ngakhale anachoka atayambana ndi bambo ake, akadali mwana wa pamenepo, ndipo pa chuma cha masiye amawerengedwa limodzi ndi anzake.

Koma achinyamata, ufuluwu umabwera ndi katundu wake. Kuyambira tsiku limene mwakwanitsa zaka 18, chilichonse chimene mwasaina chili pa dzina lanu. Ngongole ya katapila ndi yanu. Lendi ikapanda kulipidwa, alandilodi sakapita kwa bambo anu, adzagogoda pa chitseko chanu. Mukapalamula, simupitanso kubwalo la ana kapena kumalo osinthira khalidwe la ana monga ku Mpemba ndi ku Chilwa. Mukaweruzidwa ngati munthu wamkulu, ndipo ndende yake ndi ya akuluakulu.

Ndiye pochita lendi, gwirizanani zolemba, ngakhale pa pepala la m'kope: ndalama zingati pa mwezi, tsiku lolipira, za madzi ndi magetsi alipira ndani, ndipo wina akafuna kuthetsa mgwirizano adziwitse mnzake nthawi yotalika bwanji. Mukalipira pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga uja musafufute, ndiwo lisiti lanu. Mnzanu akakupemphani chiphaso chanu kuti akalembetsere simu kapena akatengere ngongole, kanani, ngakhale mumadyera mbale imodzi. Tsiku limene nambalayo idzabere munthu, apolisi adzafuna dzina limene lili pa chiphasocho. Abwana akakudyerani malipiro, ku ofesi ya Leba ya m'boma mwanu n'kumene mungakadandaule, ndipo ngati nkhani ikufuna loya koma mulibe ndalama, kuli a Legal Aid Bureau.

Za kunja ndingonena mwachidule. Ufulu wopita ku Joni kapena kwina kulikonse muli nawo, koma pitani ndi mapepala enieni, kudzera pachipata, osati kubisidwa m'galimoto la katundu. Ndipo pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu. Tinamva zimene zinaonekera amayi ndi atsikana a kuno amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Atangofika anawalanda mapasipoti, ndipo kubwerera kwawo kunakhala kovuta kwambiri. Amene akukupezerani ntchito akayamba ndi mawu akuti musauze makolo anu, imani kaye pomwepo.

Makolo, nanunso ndili nanu mawu. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Mwambi umenewu ndi wa mwana wa zaka 22 amene waumirira kukayesa bizinesi ku Limbe inu mukuona kuti sizikayenda. Muuzeni maganizo anu, mulekeni apite, ndipo akabwerera chimanjamanja musamuseke. Koma si wa mwana wa zaka 14 amene akuti sukulu yamukwana, akufuna banja. Ameneyo simumusemera, mumamukaniza.

Komanso musatenge 18 ngati belu loti mwana anyamuke. Ana athu ambiri amayamba sukulu mochedwa, ena amabwereza makalasi, ndipo pa zaka 18 kapena 19 amakhala ali Fomu 3, mayeso asanalembe. Kumuuza wotereyo kuti wakula, adzionere yekha, n'kumudula miyendo atatsala pang'ono kufika. Lamulo linangoika malire a pansi. Silinanene kuti chikondi cha kholo chithere pamenepo.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndiye ndikusiyireni mafunso oti mukambirane pa nsima madzulo ano. Inu makolo, kodi mwana wanu amene akukhala kutali, kusukulu kapena kwa achibale, munamuona liti komaliza ndi maso anu, ndipo mukudziwa amene amamutsegulira chitseko akadwala usiku? Inu amene mukusunga mtsikana wa ntchito pakhomo panu, munamufunsapo zaka zake zenizeni? Nanga iwe wachinyamata amene ukuwerenga masiku kuti uchoke, ukudziwa mtengo wa lendi, makala ndi ufa wa mwezi umodzi kumene ukufuna kupitako?

Nambala ija ya ana musaiwale, 116, yaulere. 

(Nyimbo yotsekera)